Kusamala Mfuti ya Chifefe

M'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango muli mkulu wina wokalamba amene ali ndi mfuti ya chifefe, ndiyo mfuti yowomba timibulu ta mtovu tambiri nthawi imodzi. Anaigula kwa munthu wina kalekale, natenga chilolezo chake ku Boma, kuti aziingitsira nguluwe ndi anyani m'munda mwake. Mfutiyo dzina lake ndi Auto-5. Anaiganiza ndi John Moses Browning wa ku America, ndipo m'chaka cha 1902 iyeyo anapangana ndi kampani ya Fabrique Nationale ya ku Herstal, m'dziko la Belgium, kuti iziipanga. Mfuti za mtundu wakalewu zinaleka kupangidwa m'chaka cha 1998. Chifukwa chake mkuluyo amati chitsulo chake chimodzi chikathyoka, kupeza china n'kwapatali.

Mfuti imeneyi imalowa zipolopolo zisanu. Chimodzi chimakhala mumpope wowombera, zinayi zimadikira mumpope wina wa kunsi kwake. Ikalira, mphamvu ya wonga imakankhira mpope wowombera kumbuyo. Pomwepo sipuling'i yaikulu imaubweza, chikhokhombe cha chipolopolo chimatayika kunja, ndipo chipolopolo china chimalowa chokha. Kotero munthu angathe kuwomba kasanu osalonganso ndi dzanja.

Maso a mkuluyo atayamba kuchita chidima, mphwake anakatenga naye chilolezo, nayamba kulondera munda. Usiku wina m'mwezi wa February mnyamatayo anavumbwa ndi mvula. Pofika kunyumba anapaka mfuti mafuta ophikira a mtedza, naitsamiritsa pangodya, nagona. Anaganiza kuti waisamala.

Patapita masabata atatu, nguluwe zinalowa m'munda chimanga chitayamba kukhwima. Mnyamatayo anawomba kamodzi, naphonya. Pofuna kuwombanso, mfuti inakana, pakuti chikhokhombe chinali chitakanirira pakhomo pake. Nguluwe zinathawa, koma usiku wotsatira zinabweranso, iye alibe chozipirikitsira koma kukuwa ndi kumenya chitini. Mizere yambiri ya chimanga inagwa pansi.

M'mawa mwake mkuluyo anayala mphasa pakhonde, naitana mphwake. Mnyamatayo anati, "Amalume, mfutiyi yakalamba." Mkuluyo anayankha kuti, "Khala pansi, mphwanga. Mfutiyi imadzilonga yokha, koma kudzitsuka siidziwa. Imeneyo ndi ntchito yako."

Choyamba analozetsa mfuti kuchulu, kumene kunalibe munthu kapena chiweto. Anakoka kachitsulo ka pambali kambirimbiri kufikira zipolopolo zonse zinatuluka. Atatero anasuzumira m'kati, napisamonso chala. Anati, "Pano m'pamene anthu amafera. Mwini gogodera akawomba amadziwa kuti mfuti yake ilibe kanthu. Koma iyi ukawomba, yalonga kale china. Usamakhulupirire mutu wako. Uziona ndi maso."

Pambuyo pake anakokera chotsekera kumbuyo, napotokola chivundikiro cha kutsogolo. Anasolola mtengo wogwirira, kenaka mpope wowombera, kenaka mphete ziwiri ndi sipuling'i, naziika pamphasa mwa dongosolo lake. Anachenjeza mnyamatayo kuti mpope ukachotsedwa asalole chotsekera kuthamangira kutsogolo, chifukwa chimamenya thupi la mfuti ndi kuliwononga.

Apa m'pamene cholakwa chinaonekera. Mafuta a mtedza aja anali atauma, nasanduka ngati ulimbo. Pansi pake panali dzimbiri lofiira, pakuti madzi a mvula sanapukutidwe. Mkuluyo anafotokoza kuti mpope wowombera umatsetsereka pa mpope wa zipolopolo. Mphete ya mkuwa imagwira mpopewo kuti kubwerera kusakhale kwa mphamvu yoposa. Pamalopo pakachita phula kapena dzimbiri, mpope sufika kumene uyenera kufika, ndipo chikhokhombe sichituluka.

Mnyamatayo anati, "Tsono ndithirepo mafuta ambiri a mfuti, Amalume?" Mkuluyo anapukusa mutu. Anati mafuta akachuluka mphete imaterera, mfuti imamenya phewa kolimba, ndipo mtengo wogwirira ungathe kung'aluka. Ofunika ndi madontho owerengeka pa kansanza, kuti chitsulo chingonyezimira. Anamuonetsanso malo a mphete yachiwiri, ya chitsulo. Powomba zipolopolo zamphamvu, imakhala kutsogolo, pakati pa sipuling'i ndi mphete ya mkuwa. Powomba zopepuka, imasamukira kumbuyo kwa sipuling'i, pafupi ndi thupi la mfuti. Munthu akasokoneza malo awiriwa, mfuti imakana kulonga, kapena imadzipweteka yokha.

Tsono anatenga ndodo yotsukira, namangako burashi yonyowetsa ndi mankhwala otsukira mfuti. Anailowetsa kuyambira kumbuyo kwa mpope, kumene kumalowa chipolopolo, naikankha mpaka kutulukira kukamwa. Kenaka anapititsamo tinsanza toyera. Koyamba kanatuluka kakuda bii, kachiwiri kotuwa. Sanaleke kufikira kena kanatuluka koyera monga kanalowera. Anakweza mpope kudzuwa, napatsa mphwake kuti aone. M'kati munali mbee ngati kalilole.

Mkuluyo anati kusuzumira kumeneku kuzichitika nthawi iliyonse asanalonge mfuti. Mavu aja omanga ndi dothi amakonda mabowo otere, ndipo munthu akapunthwa m'munda matope amatseka kukamwa kwa mfuti. Mpope wotsekeka ukawombedwa umatupa kapena kuphulika, ndipo dzanja ndi maso a mwini wake zili pomwepo.

Atabwezera zonse m'malo mwake, anapukuta kunja konse ndi nsanza ya mafuta pang'ono, pakuti ngakhale thukuta la m'manja limabala dzimbiri. Anaiika m'kabati yokhoma, yopanda chipolopolo, kukamwa kutaloza pansi kuti mafuta asatsikire mumtengo wa kumbuyo ndi kuufewetsa. Zipolopolo anazikhomera m'bokosi lina pa malo ouma, ndipo makiyi anawamanga m'chiuno, chifukwa pakhomopo pali ana.

Ntchito yonseyi siinathe ngakhale ola limodzi. Mnyamatayo anakhala chete, akuyang'ana kumunda kumene chimanga chinagwa. Mkuluyo sanamukalipire. Anangoti, "Mau a akulu akoma akagonera. Khasu umalichotsa dothi ukaweruka. Nanga bwanji chinthu chimene chingaphe munthu?"

Kuyambira tsiku limenelo, mnyamatayo akabwera kolondera, ngakhale atatopa, sagona asanatulutse zipolopolo ndi kupukuta mfuti. Ngati yalira kapena yavumbwa, m'mawa amayala mphasa pakhonde. Mkuluyo amakhala pambali pake, ndipo popeza maso ake saonanso bwino, amapempha kansanza komaliza kuti akaone pafupi.