Chigamulo cha ku Zomba sichinaolokebe Shire

Mwana wa ku Makhuwira amene wakhalitsa ku Joni amadabwa ndi chinthu chimodzi akayamba kutsatira nkhani za amayi oyendayenda. Ku South Africa, dziko limene limadzitama ndi ufulu, kugulitsa thupi ndi mlandu. Kwawo ku Malawi, kumene abusa ndi mafumu amalankhula mokalipa kwambiri pa nkhaniyi, si mlandu ayi. Ambiri sakhulupirira akauzidwa, ngakhale apolisi ena amene.

Ku Joni lamulo la mu 1957 likadalipo, ndipo mu 2007 anaonjezera kuti wogulanso azimangidwa. Mu 2002, pa mlandu wa Jordan, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuchotsa lamulolo. Mu December 2022 nduna Ronald Lamola inabweretsa bilu yofuna kuti ntchitoyi isakhalenso mlandu, koma biluyo inabwezedwa chaka chotsatira. Pa pepala, mayi wa ku Hillbrow ali pamavuto kuposa mnzake wa pa Dyeratu kapena pa Nchalo.

Kusiyana kuli pa anthu amene amamuyang'ana. Ku South Africa munthu amatha kuphunzira nkhani imeneyi mpaka kukhala dokotala wa maphunziro, n'kumadya nayo moyo wake wonse popanda womuseka. Chandré Gould anagwira ntchito ndi bungwe la SWEAT n'kutulutsa kafukufuku wa ku Cape Town mu 2008, ndipo anapeza kuti amayi ozembetsedwa anali ochepa kusiyana ndi mmene manyuzi ankanenera. Mpira wa dziko lonse wa 2010 usanayambe, mphekesera inali ponseponse yoti amayi zikwizikwi adzakhamukira kumeneko. Marlise Richter ndi anzake anakhala pansi n'kuwerenga, ndipo chikhamu chija sichinapezeke. Pa yunivesite ya Wits pali ofufuza amene amacheza ndi amayi obwera kuchokera ku Zimbabwe ndi maiko ena oyandikana, ndipo chipatala cha mu msewu wa Esselen chinkawalandira popanda kuwafunsa kuti bambo a kunyumba ali kuti. Amayiwo ali ndi gulu lawolawo, Sisonke, limene limakhala nawo pa tebulo kafukufuku akamakonzedwa. Wapolisi akalanda makondomu kapena kupempha ya fanta, pamakhala wina wolemba tsiku, malo ndi nambala ya galimoto.

Ku Malawi ntchito yotereyi yagwiridwa kwambiri ndi maloya, ndipo agwira yotamandika. Mu 2009 apolisi a ku Mwanza anatengera amayi 11 kuchipatala n'kuwayezetsa magazi mokakamiza, zotsatira zake n'kuwerengedwa poyera m'khoti. Mu 2015 Justice Dorothy Kamanga anagamula kuti zimenezo zinaphwanya ufulu wao. Mu 2013 bungwe la CHREAA la ku Blantyre, pamodzi ndi Southern Africa Litigation Centre, linafufuza m'mabuku a polisi n'kuonetsa mmene lamulo la vakabu linkasesera amphawi okhaokha. Mu 2016 amayi 19 anagwidwa ku Dedza n'kulipitsidwa chindapusa pa gawo 146 la malamulo a milandu, koma Justice Zione Ntaba, ku khoti lalikulu la Zomba, anafafaniza chigamulocho: gawolo ndi la anthu odyera masuku pamutu amayiwa, osati mayi wodya thukuta lake. Mu January 2017 gawo 184(1)(c), tsinde la vakabu, linagwa. Chochititsa kaso n'chakuti likulu la Southern Africa Litigation Centre, bungwe limene linathandiza pa milandu yonseyi, lili ku Johannesburg konkuno.

Tsono ndani anakauza mayi wa pa Livunzu, ku Makhuwira, za zigamulo zimenezi? Kuchoka ku Makhuwira kupita pa boma la Chikwawa, munthu amakwera njinga yamoto kapena matola kudzera pa Thabwa, n'kuoloka Shire, ndipo nyengo ya dzinja mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imadula msewu. Mayi amene kasitomala wamumenya usiku m'resitihausi amayamba wawerengera ndalama ya ulendo, kenako manyazi oima pa kauntala pamene mlamu wake akhoza kukhala pa benchi pomwepo. Ambiri amangopukuta magazi n'kubwerera kuntchito. Mwana akagwiriridwa, nkhani imayamba yakambidwa pansi pa mtengo pakati pa ankhoswe ndi amalume, ndipo ikamafika ku Victim Support Unit maola 72 olandirira mankhwala oteteza ku HIV amakhala atatha kalekale.

Si kuti Chigwa cha Shire sichidziwika kwa ofufuza. Udzudzu wa ku Chikwawa walembedwa m'magazini akuluakulu a sayansi, chifukwa a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuufufuza kwa zaka zambiri. A MSF anafikira amayi oyendayenda a ku Nsanje ndi chithandizo cha HIV. Koma pa nkhani ya milandu yogonana, dziko linatembenukira kuchigwako kamodzi kokha mwamphamvu, mu July 2016, pamene BBC inaulutsa nkhani ya Eric Aniva, fisi wa ku Nsanje. Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti amangidwe, ndipo mu November analamulidwa kukakhala kundende zaka ziwiri potengera Gender Equality Act ya 2013. Atolankhani analongedza makamera n'kubwerera, chigwa chonse n'kutsala ndi dzina loti kwa afisi, zimene ana a ku East Bank okhala kunja amatopa nazo kuyankha.

Mafunso enieni akudikirabe mwini. Pa milandu yogwiririra imene imafika pa polisi ya Chikwawa, ndi ingati imene imathera pa chigamulo, nanga inayo imafera pati? Chinkachitika n'chiyani kwa atsikana m'makampu pambuyo pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, pamene thumba la ufa linali m'manja mwa amuna olemba maina? Nyengo yodula nzimbe ikafika ku Nchalo, amayi amachokera kuti, ndipo amabwerera ndi chiyani? Wophunzira wa ku Zomba wodziwa Chisena ndi Chimang'anja akhoza kuyamba ndi kaundula wa khoti la majisitireti pa boma, amene aliyense wopempha chilolezo angathe kumutsegula.