Fyuzi Yomizidwa m'Mafuta: Kalata ya Malume kwa Mphwawo ku America

Mphwanga wokondedwa,

Mayi ako anena kuti akuchotsa pa ntchito yokumba ngalande za makebulo, ndipo tsopano ukuyenda ndi amisiri okonza mathiransifoma apansi, aja amakhala m'mabokosi obiriwira pakapinga m'mbali mwa nyumba za ku America. Malume ako, amene imvi zinawamerera pa ntchito ya magetsi, akondwa nazo. Komabe aona kuti ndi bwino akutsine khutu pa kanthu kamodzi kamene ophunzira ambiri amakapeputsa chifukwa cha kuchepa kwake. Kanthuko ndi fyuzi.

Kuno kwathu mathiransifoma ambiri a ESCOM amakhala m'mwamba pamapolo, ndipo mafyuzi ake amaonekera poyera. Fyuzi ikapsa, kachubu kake kamamasuka n'kumalendewera, moti ngakhale wodutsa ndi njinga amatha kuloza pamene pavuta. Kumeneko n'kwina. Kuyambira cha m'ma 1960, madera ambiri atsopano a m'mizinda ya ku America anayamba kukwirira makebulo pansi, ndipo thiransifoma inatsika papolo n'kukhala pakonkire, m'bokosi lachitsulo lotsekedwa ndi loko komanso bawuti ya mutu wa ngodya zisanu imene sipanala wamba siigwira. M'madera ambiri magetsi amalowa m'bokosimo ali mavolti 7,200 n'kutuluka ali 240 ndi 120, pamene kuno amalowa ali 11,000 kapena 33,000 n'kutuluka ali 400 ndi 230. Fyuzi yake ili m'kati mwa thanki, yomira m'mafuta oziziritsa makoilo. Chimene mmisiri amaona akatsegula chitseko ndi chogwirira chake chokha. Yapsa kapena ili bwino, chogwiriracho chimaoneka chimodzimodzi.

Fyuzi imeneyi amisiri amaitcha Bay-O-Net. Inatchuka ndi kampani ya RTE ya ku Waukesha, m'chigawo cha Wisconsin, imene Cooper Industries inaigula mu 1988, ndipo Cooper nayo inagulidwa ndi Eaton mu 2012. N'chifukwa chake mmisiri amapeza mayina osiyanasiyana pamabuku a chipangizo chimodzi chomwecho.

Kagwiridwe kake ka ntchito kamamveka bwino munthu akayamba ndi masamu. Thiransifoma ya 50 kVA, ikasenza katundu wake wonse, imakoka pafupifupi maampu 7 okha kumbali ya mavolti 7,200, koma kumbali ya nyumba imatulutsa maampu opitirira pang'ono 200. Choncho kawaya ka m'fyuzi n'kopyapyala ndithu, ndipo ntchito yake ndi yovuta kuposa mmene kamaonekera. Thiransifoma ikangoyatsidwa, imatha kukoka magetsi ochuluka kuwirikiza ka 12 kwa kagawo kakang'ono ka sekondi, ndipo fyuzi iyenera kupirira zimenezo. Magetsi akabwerera atazima nthawi yaitali, mafiriji, mahita ndi makina oziziritsa m'nyumba amadzuka onse pamodzi, ndipo iyeneranso kupirira. Koma kebulo yopita kunyumba ikachita shoti, kapena katundu akapitirira muyeso kwa nthawi yaitali, iyenera kusungunuka makoilo asanapse.

Ikasungunuka, magetsi sazima pomwepo. Amalumpha pampata umene watsala ngati lawi lotentha kwambiri. Kutenthako kumatulutsa mpweya kuchokera m'kachubu ka fyuziyo ndi m'mafuta, mpweyawo n'kukankha lawilo mwamphamvu. Magetsi a ku America amapita n'kubwerera maulendo 60 pa sekondi, kutanthauza kuti pa sekondi iliyonse mphamvu yake imafika pa ziro maulendo 120. Pa umodzi mwa mipata imeneyo lawi limazima, mafuta n'kudzaza mpata uja. Apa ndiye pagona nkhani: zonsezi zimatheka pokhapokha fyuzi ili pansi pa mafuta. Thanki ikadontha, kapena konkire ikapendekeka mpaka mafuta kuthawira mbali imodzi, lawi lija limabuka m'mpweya wa pamwamba pa mafuta otentha, ndipo thanki ikhoza kuphulika.

Mawaya a m'mafyuzi amenewa sali a mtundu umodzi. Ena amamva kuchuluka kwa magetsi basi. Ena amamvanso kutentha kwa mafuta, moti thiransifoma ikasenza katundu wolemera tsiku lonse m'chilimwe, amasungunuka ngakhale pasakhale shoti. Awiri angafanane maonekedwe koma khalidwe n'losiyana, choncho mmisiri wosamala amawerenga nambala yolembedwa pa yakaleyo, n'kuifananitsa ndi tebulo la kampani yake asanaike yatsopano. Chizolowezi chija chimaoneka m'nyumba zina kuno, chomanga waya wamkuwa pamalo a fyuzi kapena kuika yaikulu kuti isamapsepse, malume ako amadana nacho ngakhale pa mavolti 230. Pa 7,200 ndi kupha anthu.

Bay-O-Net ili ndi malire ake. Pa makebulo a mavolti ngati 7,200 imatha kudula maampu pafupifupi 3,500, ndipo mavolti akakwera mphamvu yake yodula imatsika. Koma koilo ya m'kati ikapsa n'kugundana ndi chitsulo, magetsi othamangira pamenepo amatha kupitirira malirewo kutalitali. N'chifukwa chake mathiransifoma ambiri ali ndi fyuzi yachiwiri yolumikizidwa kumbuyo kwa yoyambayo, yobisika m'kati mwenimweni mwa thanki. Imeneyi ili ndi kalamba kasiliva kokhala ndi timalo topyapyala tambiri, kokulungidwa m'chubu chodzaza mchenga woyera. Shoti yaikulu ikabwera, timalo tonseto timasungunuka nthawi imodzi, mchenga n'kumwa kutenthako mpaka kuundana ngati galasi, ndipo magetsi amadulidwa asanafike pachimake. Mafyuzi otere amatha kudula maampu mpaka 50,000. Akatswiri amasankha awiriwa mogwirizana: vuto la kunja, la kumbali ya nyumba, ligwetse Bay-O-Net yokha, vuto la m'kati ligwetse yamchengayo. Ndiye yamchenga ikapsa, siisinthidwa pamalopo. Thiransifoma yonse imanyamulidwa, pabwere ina.

Mathiransifoma ena alibe yamchengayo, ali ndi kalumikizo kamene amati isolation link. Sikadula magetsi pakokha. Kamangosungunuka pa shoti yaikulu kuti mmisiri wobwera pambuyo, ngakhale aike fyuzi yatsopano, alephere kuyatsa thiransifoma yowonongeka. Anthu amene anakonza zimenezi ankadziwa mtima wa munthu wotopa, amene eni nyumba amuzungulira n'kumamufunsa kuti magetsi abwera nthawi yanji.

Mtima umenewo ndi umene wachititsa malume ako kulemba kalata ino. Fyuzi siipsa popanda chifukwa. Mmisiri wodziwa ntchito akafika pabokosi lozima, sathamangira kugalimoto kukatenga ina. Amayamba walizungulira. Amayang'ana ngati thanki yatupa, ngati penti yapserera, ngati pakonkire pali mafuta, ngati pakumveka fungo la chinthu chopsa. Amafunsa ngati kunagwa mphezi, kapena ngati wina amakumba dzenje la mpanda n'kutema kebulo. Amayeza mbali ya nyumba kuti aone ngati shoti ikadalipo. Akakayikira za m'kati, amayeza makoilo ndi makina oyezera asanaganize zoyatsa. Chimodzi mwa zizindikiro zoipazo chikapezeka, Bay-O-Net saigwira n'komwe magetsi ali moyo, chifukwa kuilowetsa pa thiransifoma yopsa m'kati n'kuyatsa moto m'thanki ya mafuta munthu ataima pafupi nayo.

Zonse zikaoneka bwino, kusintha kwake kuli ndi ndondomeko imene siidumphidwa. Njira yabwino koposa, imene opanga zipangizozi amalimbikitsa, ndi kuzima thiransifoma kuchokera kutali, pa swichi ya kumtunda, kumene magetsi akuchokera. Kenako mmisiri, atavala magolovesi a labala, zoteteza kumaso ndi zovala zosagwira moto, amaona kuchuluka kwa mafuta. Akatero amakoka kavalavu kotulutsira mpweya. Thanki imene yatentha tsiku lonse imakhala ngati botolo la thobwa logonetsa: wotsegula mwaphuma amasamba nalo, ndipo apa chosambacho ndi mafuta otentha. Kavalavuko amakagwira chotsegula mpaka kulira kwa mpweya kutatha, n'kupitirizabe kwa masekondi ngati 30.

Chogwirira cha fyuzi sachikhudza ndi manja. Amagwiritsa ntchito ndodo yaitali yosadutsa magetsi, imene kumeneko amati hot stick, ndipo amaima chammbali, osati moyang'anizana ndi pakamwa pake. Amakola ndodoyo pa diso la chogwirira, n'kumasula kakoloweko, n'kupotoza gawo limodzi mwa magawo anayi a mkombero kuti labala yotsekera ilekane ndi khoma lake. Kenako amakoka kamodzi, mwachangu, masentimita asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Kukoka monyinyirika ndiye koopsa, chifukwa ngati mukudutsa magetsi, lawi limatalika m'malo moduka. Akatero amadikira masekondi angapo kuti mafuta atsikire m'thanki, ndipo pambuyo pake amasolola yonse.

Mafuta odonthawo si nkhani ya ukhondo chabe. Pansi pa fyuzi pamakhala zolumikizira makebulo zokutidwa ndi labala, zopindika ngati chigongono, ndipo mafuta a thiransifoma amafewetsa labala imeneyo pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mabokosi ambiri ali ndi kathireyi kolandira madontho, ndipo mmisiri waulemu amapukuta asanachoke.

Fyuzi ikatuluka, amamasula kachubu ndi sipanala, n'kuchotsa kawaya kakale. Kachubuko amakayang'ana powala: kakang'ambika, kakapserera kapena kudyeka m'kati, kamatayidwa. Kawaya katsopano kamalowa, amamanga molimba koma mosapyola muyeso wa m'buku, chifukwa pomanga polobodoka pamatentha ndipo fyuzi yabwinobwino imadzapsa popanda shoti. Pobwezera, amagwiritsanso ntchito ndodo ija, n'kukankha kamodzi mwamphamvu mpaka kakoloweko katatseka. Thiransifoma ikakhalabe chete, fyuzi yatsopano ili bwino ndipo magetsi akufika pakhomo pake, ndiye kuti yam'kati ija inapsa. Pamenepo ntchito ya sipanala yatha, pakufunika galimoto yonyamulira.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale akaleakale pa ntchitoyi. Kuchotsa fyuzi sikupha bokosi lonse. Mabokosi ambiri amalumikizidwa mondondozana: kebulo imalowa m'bokosi loyamba, ina n'kutuluka kupita kulotsatira, ndipo mzerewo umatha kudyetsedwa kuchokera mbali zonse ziwiri. Fyuzi imangolekanitsa koilo ya thiransifoma imodziyo, koma makebulo awiri aja amakhalabe ndi mavolti 7,200. Kuwonjezera apo, thiransifoma siisankha kolowera. Mwini nyumba akalumikiza jenereta molakwika, osalekanitsa nyumba yake ndi mawaya a kampani, mavolti 240 ake amabwerera m'mbuyo, thiransifoma n'kuwakweza kuwirikiza ka 30, kufika pa 7,200 pomwe paja. Masiku ano, pamene madenga adzaza ndi sola ndi mabatire, mmisiri sakhulupirira kuti malo azima kufikira atayeza ndi chipangizo chimene watsimikiza kuti chikugwira ntchito, ndiponso atamangirira mawaya otsitsira magetsi m'nthaka.

Za mathiransifoma a mawaya atatu, aja a pamasitolo ndi pamafakitale, malume ako angonena mwachidule. Ali ndi mafyuzi atatu, ndipo kuwachotsa imodziimodzi magetsi ali moyo kungachititse mota za kasitomala kuyenda ndi mawaya awiri mpaka kupsa. Pamene kebulo ndi yaitali ndipo katundu ndi wochepa, mavolti amathanso kukwera modzidzimutsa, thiransifoma n'kumalira mwachilendo. Ngati pali swichi yodula atatu onse nthawi imodzi, imeneyo ndiyo iyambe.

Ndodo ija imafuna malo. Makampani ambiri amafuna kuti kutsogolo kwa chitseko kukhale mpata wa mamita atatu, koma eni nyumba amakonda kubisa bokosilo ndi maluwa ndi mipanda. Mmisiri asalole kugwira ntchito atapanikizika pakati pa thanki ndi tchire chifukwa choopa kukhumudwitsa mwini maluwa.

Tsono iwe mphwanga, ukadali wophunzira, ndipo ntchito imeneyi usaigwire wekha kufikira akuluakulu ako atakuvomereza. Buku la kampani yako likasiyana ndi kalata ino, tsata bukulo, pakuti iwo ndiwo akudziwa zipangizo zimene anagula. Koma tsiku lina fyuzi yatsopano idzapsa pamaso pako mutangoilowetsa, ndipo wina wotopa adzati tiyese inanso. Pamenepo ukane, ngakhale wonenayo akhale wamkulu kwa iwe. Uwapemphe mwaulemu kuti muzime kumtunda, muyeze makoilo, ndipo ngati mpofunika muitanitse thiransifoma ina.

Upereke moni kwa apabanja ako ndi ana. Ukapeza mpata utilembere.

Ndine malume ako.