Kulanda dziko lonse ndi nyimbo, mabuku ndi ziboliboli

Ndiloleni ndilankhuleko za masewero a pakompyuta, omwe ambiri timawatenga ngati zibwana za ana a m'tauni. Pali gemu ina yotchedwa Civilization imene imamukhazika munthu pampando wa ufumu n'kumufunsa funso lachikulu: kodi mtundu wako udzapose mitundu ina yonse ndi chiyani? Ndi mfuti, sayansi, chipembedzo kapena chikhalidwe? Ine ndimasankha chikhalidwe, ndipo zimene ndakumana nazo m'njira imeneyi ndi zomwe zandigwiritsa cholembera.

Gemuyi adaiyambitsa ndi Sid Meier ku America mu 1991, ndipo imene ndimasewera ine ndi ya nambala 6, yomwe kampani ya Firaxis idatulutsa mu 2016. Kaseweredwe kake n'kopatsana mpata ngati pabawo. Umayenda iwe, kompyuta n'kuyendetsa mafumu enawo, kenaka mpata ubwereranso kwa iwe. Palibe wokuthamangitsa, ukhoza kuyang'ana mapu kwa ola lathunthu usadasunthe kanthu. Umayamba zaka 4000 Yesu asadabadwe uli ndi kagulu ka anthu ofuna malo omangapo mudzi komanso ankhondo a zibonga, ndipo umapatsidwa maulendo 500 osewera kufika chaka cha 2050. Ukamasewera wekha sifuna intaneti, ndipo magetsi akathima umapeza idasunga kale pomwe udalekera.

Njira zopambanira zilipo zingapo. Wankhondo amalanda malikulu a maiko onse. Wasayansi amatumiza anthu kumlengalenga anzake asadatero. Wachipembedzo amatembenuza mitundu yonse kuti itsate chikhulupiriro chake. Njira ya chikhalidwe ndiyo yovuta kuimvetsa poyamba, chifukwa imawerengedwa ndi alendo okaona malo. Dziko lililonse lili ndi nambala ziwiri. Yoyamba ndi ya anthu ake omwe amakhutira ndi kuona za kwawo komweko, ndipo imakula malinga ndi chikhalidwe chonse chomwe dzikolo launjika kuyambira pachiyambi. Yachiwiri ndi ya alendo ochokera kunja amene dzikolo lakopa. Kuti upambane, alendo obwera kwa iwe achuluke kuposa anthu okhalira za kwawo a dziko lina lililonse pamapupo. Mlendo aliyense amene wamukopa amachotsedwa pa nambala yoyamba ya dziko lomwe wachokera.

Nthawi zambiri ndimatenga ufumu wa Kongo, womwe m'gemuyi umatsogozedwa ndi mfumu Mvemba a Nzinga. Kongo adampatsa mwayi pa zosemasema ndi zinthu zakale: chiboliboli chilichonse chosungidwa mumzinda chimaonjezera chakudya, mphamvu zomangira ndi ndalama. Koma adammananso chinthu chachikulu. Mvemba saloledwa kumanga malo opatulika kapena kuyambitsa chipembedzo chakechake, choncho chikhulupiriro, chomwe m'gemuyi chimaunjikidwa ndi kugwiritsidwa ntchito ngati ndalama, chimakhala chosowa. Chikhalirecho kumapeto kwa masewero, wokhazikitsa nkhalango yotetezedwa amagulidwa ndi chikhulupiriro chomwecho, chimodzimodzinso mabandi oimba omwe umatumiza kukatchuka kumaiko a eni, amene adaonjezeredwa m'gemuyi mu 2019. Wosewera Kongo amayenera kupeza pena pogwira.

Ulendo umene ndikuukumbukira kwambiri ndidali pakati pa anansi awiri osiyana mtima. Kumwera kudali Montezuma wa Aztec, yemwe ankangosonkhanitsa ankhondo m'malire mwanga. Kutsidya la nyanja kudali Pericles wa ku Greece, amene sadanditokosepo ngakhale tsiku limodzi. Montezuma adandikakamiza kumanga malinga ndi kuika oponya mivi m'mizinda itatu, chifukwa bwalo la zisudzo lopanda linga ndi mphatso ya mdani. Koma malinga atatha, nkhani yake idathera pomwepo. Anthu ake adalibe zambiri zowasunga kwawo, ndipo adali oyamba kukhamukira kwa ine. Wondisowetsa tulo adali Pericles wamtendereyo. Mizinda yake idadzaza ndi mabwalo a zisudzo, nambala ya anthu ake okhalira za kwawo inkakwera ulendo uliwonse, ndipo nambala imeneyo ndiyo ndinkayenera kuiposa.

Apa m'pamene munthu amaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwalo la zisudzo lomwe wamanga lero limayamba kukopa alendo ochuluka patapita maulendo zana kapena kuposa. Umadikira alembi otchuka, ojambula ndi oimba kuti abadwire m'dziko lako, ndipo aliyense amafuna nyumba yoikamo ntchito yake. Ukapanda kumangiratu, mlembi amangoima pabwalo buku lili m'manja. Makina osindikizira akatulukira, mabuku amakopa alendo kuwirikiza kawiri. Ndege ndi makompyuta zikabwera, nambala imakweranso. Ine ndidapikisana ndi maiko ena pomanga Eiffel Tower, yomwe imakongoletsa malo onse a dziko lako, kenaka Cristo Redentor, yomwe imawirikiza alendo a malo opumulirako a m'mbali mwa nyanja. Gombe langa lonse ndidalisandutsa malo ogona alendo.

Chodabwitsa n'choti njira imeneyi imafuna ubwenzi ndi anthu omwewo ukuwameza. Dziko likakutsegulira malire, mphamvu yako yokopa anthu ake imakwera ndi 25 pa 100 iliyonse. Ukatumizako amalonda, imakweranso chimodzimodzi. Mukasiyana mtundu wa boma, imatsika. Choncho ndinkamutumizira Pericles mphatso, kumugulitsa minyanga ndi zonunkhira pamtengo wabwino, n'kumugula zojambula za m'nyumba zake zosungiramo luso akasowa ndalama. Iye ankanditcha bwenzi, anthu ake akuchepa mmodzimmodzi pa nambala yake. Mu Civilization ya nambala 5 mafumu ankachita kubwera kudzakudandaulira kuti anthu awo ayamba kuvala majinzi a kwanu ndi kumvera nyimbo zanu. Ambiri amaseka akafika pamenepa. Ine ndimaona kuti opanga gemuyi adanena zoona zokhazokha: uku nakonso n'kulanda, kungoti wolandidwayo amalipira yekha tikiti.

Gawo lomwe limandilemera kwambiri ndi la ofukula zinthu zakale. Masewero akafika m'zaka za mafakitale, pamapu pamaoneka malo omwe kudachitikira nkhondo kapena kudali misasa kalekale. Umatumiza katswiri kukakumba, ndipo ngati malire ali otsegula akhoza kukumba ngakhale m'dziko la eni n'kubwera nazo kwanu. Nyumba yosungiramo zinthu zakale imatenga zinthu zitatu, ndipo imakopa alendo kuwirikiza kawiri ngati zitatuzo zili za nyengo imodzi koma zochokera ku mitundu yosiyana. Kunena kwina, malamulo a gemuyi amakulipira ukasonkhanitsa za anthu ena. Pomwe gemuyi inkatuluka mu 2016, mwayi wapadera wa dziko la England udatchedwa British Museum, ndipo nyumba zake zinkasunga zinthu zisanu ndi chimodzi m'malo mwa zitatu.

Izi sadazipeke. Mu 1897 asilikali a Britain adafunkha mzinda wa Benin, m'dziko lomwe lero ndi Nigeria, ndipo zambiri mwa zosula zamkuwa zomwe adatenga zili ku British Museum. Mu 1921 ogwira ntchito mumgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi ku Kabwe m'dziko la Zambia, adapeza chigaza cha munthu wakalekale. Chidapita ku Natural History Museum ku London, ndipo a Zambia akhala akupempha kuti chibwerere. Katswiri wanga atafukula chinthu chakale m'dera la Montezuma, nambala yanga idakwera, koma ndidadziwa bwino lomwe kuti ndakhala kumbali iti ya nkhani ngati ya ku Kabwe ija.

Mvemba a Nzinga weniweniyo ankaidziwa nkhani imeneyi kuposa tonsefe. Adalamulira Kongo kuyambira cha m'ma 1509, likulu lake lili ku Mbanza Kongo, kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Angola. Adalandira Chikhristu kwa Apwitikizi, adatenga dzina loti Afonso, adatsegula sukulu, ndipo mwana wake Henrique adaphunzira ku Ulaya mpaka kukhala bishopu. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mfumuyi idakalandira kalumoko ndi manja awiri. Koma mu 1526 mfumu yomweyo inkalembera makalata João III wa ku Portugal kudandaula kuti amalonda akuba anthu ake n'kukawagulitsa ukapolo, komanso kuti katundu wakunja wachititsa anthu ake kusamveranso mpando. Zombo zomwe zidabweretsa mabuku ndi zomwenso zinkanyamula anthu. M'gemuyi malire otsegula ndi nambala chabe yoonjezera alendo. Kwa Mvemba adali nkhani ya moyo ndi imfa.

Pericles ndidamuposa masewero ali pafupi kutha, nditamanga nyumba zoulutsira mawu m'mizinda yanga yonse. Pakompyuta padatuluka kakanema kondiyamikira. Koma wosewera woona mtima ayenera kudziwerenganso yekha. Gemu imeneyi imapangidwa ku Maryland, ndipo ine Mmalawi ndimathera madzulo anga ambiri pa iyo. Pa nambala ya America, ndine mmodzi wa alendo okopedwawo. Sindichita nazo manyazi, chifukwa chikhalidwe chimayenda mbali zonse. Nyimbo yotchuka kwambiri ya masewerowa, Baba Yetu, yomwe Christopher Tin adapekera Civilization ya nambala 4 mu 2005, ndi pemphero la Ambuye m'Chiswahili, ndipo mu 2011 idakhala nyimbo yoyamba ya gemu ya pakompyuta kupata mphoto ya Grammy.

Chomwe ndatolapo m'maulendo onsewa ndi nambala yoyamba ija, imene osewera atsopano saiyang'ana. Amene amavuta kumugonjetsa pa chikhalidwe si wa mizinga yambiri kapena wotseka malire ayi, koma amene anthu ake ali ndi zokwanira zowasunga kwawo. Pericles sadaletse anthu ake kubwera kwa ine. Adangomanga mabwalo ake a zisudzo ine ndisadamange anga, ndipo zimenezo zokha zidandichedwetsa zaka mazanamazana za m'gemu.

Tikamakamba zokopa alendo m'dziko muno timawerenga obwera pandege ndi ndalama zakunja zomwe asiya. N'zofunika zimenezo. Koma zojambula za pamiyala za ku Chongoni, ku Dedza, zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, Gule Wamkulu ndi Vimbuza zidalemekezedwa ndi bungwe lomwelo mu 2005, ndipo ku Karonga kuli mafupa a chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus. Ndi angati mwa ife owerenga tsamba lino amene tidakwerapo minibasi kukaona zimenezi, kapena kutengerako ana athu patchuthi? M'gemu kompyuta imawerenga yokha nambala ya anthu okhalira za kwawo. Kunja kuno nambala imeneyo timaikweza kapena kuitsitsa ndife eni ake.