Kuchonderera Potchula Dzina Lopatulika

M'Chingerezi muli mneni wina amene ngakhale eni chinenerocho samutchula kawirikawiri: obsecrate. Tanthauzo lake ndi kuchonderera mochokera pansi pa mtima. Muzu wake uli m'Chilatini, chinenero cha Aroma akale, chimene kuno kwathu chinayamba kumveka m'mapemphero a ansembe a ku Mua pamene mishoni ija inakhazikitsidwa mu 1902. Aroma ankati obsecrare, polumikiza ob, kutanthauza "chifukwa cha", ndi sacrare, mawu ochokera ku sacer, chinthu chopatulika. Choncho wochonderera motere amaimika chopatulika pakati pa iye ndi munthu amene akumupemphayo.

Ife a ku Golomoti mneniyu ndi mlendo kwa ife, koma mchitidwe wake timaudziwa bwino. M'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zitatha, mpunga wa m'chigwa cha Bwanje usanache, mayi wamasiye amagwada pakhomo pa mnansi wake nati, "Chonde achimwene, chifukwa cha Allah, ndigawireniko ufa kuti ana agone atadya." Dzinalo likangotchulidwa, nkhani ya anthu awiri yapeza Mboni. Wopempha wavomera kuti sakunama pamaso pa Mlengi, ndipo wopemphedwa akadziwa kuti ufa ulimo m'nyumba, kukana kumamulemera pakamwa.

Mbiri ya mawuwa ili ndi chenjezo kwa ife. M'masewero a Plautus, mlembi wachiroma amene anamwalira zaka 184 Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe, anthu amangoti obsecro ngakhale pa tinthu tachabechabe, monga momwe ife timanenera kuti "chonde". Mawu amene anabadwira kuguwa anathera m'macheza a m'misewu. Mpeni wodulira chilichonse suchedwa kubuntha.

Nafenso tikuubunthitsa wathu. Pamsika timalumbira "Wallahi" pokangana za mtengo wa mbale ya usipa. Wobwereka ndalama amatchula dzina la Allah katatu, tsiku lobweza likafika n'kuzimitsa foni. Aliyense wotero amadya chuma cha amphawi, pakuti amene alibe mbuzi kapena munda woti apereke chikole, chikole chake ndi dzina lomwelo. Makutu athu akazolowera kulimva m'kamwa mwa onyenga, wosauka weniweni adzagogoda pakhomo lotseka.

Motero pali ntchito ziwiri zotiyembekezera. Popempha, tisunge dzina lopatulika kufikira tsiku limene mavuto atifikadi pakhosi. Pa zazing'ono "chonde" ndi wokwanira. Popemphedwa, tisafulumire kukayikira. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo m'chigwa muno, momwe madzi osefukira angakokolole munda wa aliyense usiku umodzi, wopatsa wa chaka chino akhoza kukhala wogwada wa chaka chamawa.