Anamzeze a pa mawaya a ku Migowi

Mukamayenda mumsewu wa pakati pa Phalombe boma ndi Migowi mvula zoyamba zitagwa, musamangoyang'ana phiri la Michesi lokha ayi. Yang'ananinso pa mawaya a magetsi. Mudzaona timbalame titandandalika ngati mikanda pa ulusi. Ambirife timangoti ndi anamzeze basi, koma si onse amene ali a kuno.

A kwathu kuno ndi aja amamanga zisa zadothi pakhonde kapena kunsi kwa milatho. Wina ali ndi kachipewa kofiira kumutu ndi khosi loyera, wina ali ndi timizere takuda pachifuwa ndi pamimba. Mlendoyu ndi wosiyana. Pachipumi ndi pakhosi pake m'pofiirira ngati njerwa yootcha, m'munsi mwake muli mzere wakuda ngati wavala mkanda, mimba ndi yoyera, msana wakuda monyezimira, mchira wamphanda. Ana ake amasokoneza pang'ono, chifukwa khosi lawo ndi lotuwa ndipo mchira ndi waufupi. Koma chizindikiro chachikulu n'chakuti samanga chisa kuno. Amaswera ku Ulaya ndi ku Asia, n'kumafika kuno cha mu Okutobala ndi Novembala pothawa chisanu.

Tangoganizani, kambalame kolemera pafupifupi magalamu 20 okha, koma ambiri mwa iwo amawoloka chipululu cha Sahara! Mu 1912 namzeze wina amene anamuveka kamphete kumwendo ku England anapezeka ku Natal, ku South Africa.

Masana amawuluka chapansipansi m'minda ndi m'madambo, kuwakha tizilombo m'mwamba, ndipo tsiku loti kwatuluka ngumbi ndiye ukwati. Dzuwa likamalowa amasonkhana chigulu, akulira mosalekeza, n'kukagona m'bango ndi m'njedza. N'chifukwa chake dambo la nyanja ya Chilwa, kumpoto kwa bomali, ndi lofunika kwa iwo. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka fumbi. Madzi akathawa, kapena moto ukapsereza njedza, alendowa amasowa pogona ndi podyera.

Ana a malegeni nawonso sawasiya, ngakhale kunena zoona kanyama kake sikangakwane n'komwe mbamu imodzi ya nsima. Mu Malichi, chimanga chikamakhwima, anamzeze aja amakhala atamera nthenga zatsopano, ndipo pofika kumapeto kwa Epulo pa mawaya paja pamatsala a kwathu okhaokha.