Pogona ndi Podyera mu Mzinda wa Sevilla

Mzinda wa Sevilla uli kummwera kwa dziko la Spain, m'mbali mwa mtsinje wa Guadalquivir. Chidatikokera kumeneko ndi nyumba ya amonke ya San Isidoro del Campo m'tauni ya Santiponce, makilomita osakwana 10 kuchokera mumzindawu. M'menemo mudakhala Casiodoro de Reina ndi Cipriano de Valera, amene Baibulo lawo likuwerengedwabe m'mipingo yolankhula Chisipanishi. Koma mlendo asanayambe kuona zakale, ayenera kupeza pogoneka mutu ndi choika m'kamwa.

Ife tidagona mu hostal, nyumba yaing'ono ya alendo yofanana ndi pensão ya kwathu, yotsika mtengo poyerekeza ndi hotela. Chipinda amati habitación, ndipo nkwanzeru kufunsiratu ngati bafa lili momwemo kapena ndi logawana ndi ena. Malo amasungitsidwa musanachoke kwanu, pakuti opereka visa amafuna umboni wa kumene mukagone, ndipo pofika amakulembani m'kaundula ndi pasipoti. Pa sabata la Pasaka ndi pa chikondwerero cha Feria de Abril zipinda zimadzaza, mitengo nkukwera zedi. M'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 40, ngati ku Tete mu Okutobala, choncho funsani ngati chipinda chili ndi makina oziziritsa.

Nthawi ya chakudya imasokoneza mlendo. M'mawa anthu amadya buledi wootcha wothira mafuta a azitona ndi tomato, nkumwera khofi. Chakudya chachikulu ndi cha 2 koloko masana, ndipo chamadzulo sichipsa isanakwane 8 koloko. Wofuna kusunga ndalama afunse menú del día: mbale ziwiri, buledi, chakumwa ndi chotsekemera pa mtengo umodzi. Chakumwacho nthawi zambiri chimakhala vinyo kapena mowa, koma mukati agua amakupatsani madzi. Lamulo la mu 2022 limalamula malo odyera kupereka madzi a pampopi kwaulere. Nsima kulibe. Chidatikumbutsa kwathu ndi espinacas con garbanzos, masamba ophika pamodzi ndi mtundu wina wa nyemba, komanso tinsomba tokazinga.

Chipwitikizi chimathandiza, koma chimanyenganso. Vaso kwa iwo ndi kapu yomwera. Propina, imene kwathu ndi ndalama ya sukulu, kumeneko ndi kangachepe kothokoza woperekera chakudya. Wophika mukamuuza kuti chakudya ndi exquisito amakondwa, pakuti mwatanthauza kuti nchokoma koposa, pamene kwathu esquisito ndi chinthu chokayikitsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tikafunsa modzichepetsa, eni mzinda ankatilozera njira mokoma mtima.

Malo amene adatikhudza mtima ndi msika wa Triana, kutsidya kwa mtsinje. Pamenepo amagulitsa nsomba, zipatso ndi zakudya zophika, koma msikawo udamangidwa pamwamba pa mabwinja a linga la San Jorge, likulu la bwalo la Inquisición kuyambira mu 1481 kufikira mu 1785. Pansi pa mapazi athu mudali ndende imene ankatsekeramo anthu chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Mu 1557 amonke ena a ku Santiponce, Reina ndi Valera ali pomwepo, adathawira ku Geneva. Mwa otsala, ena adawotchedwa m'zaka za 1559, 1560 ndi 1562. Ife tidadalitsa chakudya chathu poyera, popanda wotiopseza, pakuti malamulo a dziko a mu 1978 amateteza ufulu wa chipembedzo.

Reina adakhala mlendo kufikira imfa yake mu 1594. Adasamukira ku London, ku Antwerp, ku Frankfurt ndi ku Basel, akutanthauzira Malembo, adani ali m'mbuyo mwake. Baibulo lake lidasindikizidwa ku Basel mu 1569, ndipo Valera adalikonzanso nkulitulutsa ku Amsterdam mu 1602. Ntchito yotere sikadatheka pakadapanda okhulupirira amene adatsegulira wothawayo khomo, nkumpatsa chipinda ndi chakudya.

Ambiri a ife sitidzafika ku Sevilla, koma alendo amafika kwathu sabata ndi sabata: mlaliki wochokera kutali, wophunzira, wodikirira wodwala kuchipatala, wodutsa malire amene sadziwa chilankhulo chathu. Makolo ena pakati pathu adalandiridwa ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe pa nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992, ndipo akudziwa kulemera kwa mphasa yobwereka. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tiwerenge Ahebri 13:2 m'mabanja mwathu, ndipo mpingo uliwonse udziwiretu nyumba imene mlendo angagonemo ndi mbale imene angadyeremo. Ambuye akudalitseni nonse.