Kadenga ka Nkhokwe Kamene Kanabwerera



Ana a kuno kwathu, kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Ntaja, sadikira zidole za m'sitolo. Waya amasanduka galimoto, mapesi a chimanga amasanduka ndege. Ife a gulu la achinyamata tinangowonjezerapo pang'ono pa luso lakale lomwelo: tinapanga ndi makatoni chifanizo cha Saturn V, roketi imene inanyamula Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins kupita kumwezi mu July 1969.

Roketi yeniyeniyo inali yotalika pafupifupi mamita 110. Tinagwirizana kuti mita iliyonse ikhale sentimita imodzi. Zida zathu zinali makatoni a sopo opempha pamsika wa Balaka, lezala, rula ya kusukulu ndi phala la ufa wa chinangwa m'malo mwa guluu. Katoni ndi yokanika. Kuti ipindike bwino ngati mpope, mumayamba mwasenda pepala la mbali imodzi, ndipo phala likachuluka imanyowa n'kupotoka. Mphemvu nazonso zimalikonda phalalo, choncho musasiye ntchito yanu pansi usiku.

Chigawo cha pansi, chimene chinali ndi mainjini akuluakulu asanu, chinatitengera Loweruka awiri: masentimita 42 m'litali, 10 m'mimba mwake. Komatu pa ulendo weniweni chigawo chimenechi chinagwira ntchito mphindi zosakwana zitatu, mafuta n'kutha, n'kugwera m'nyanja ya Atlantic. Chachiwiri chinatayidwanso chimodzimodzi. Titafika pa kachipinda kamene anthu atatu aja anabwereramo padziko, tinadabwa. Kanangokhala ngati kadenga ka nkhokwe, kokulirapo pang'ono kuposa chitsekerero cha botolo. Pa chimphona chonse chija, ndi kokhako kamene kanabwera nawo kumudzi.

Zimenezi chithunzi cha m'buku sichingakuphunzitseni monga mmene zala zimaphunzitsira. Wodula katoni yekha amadziwa kuti chonyamula n'chachikulu kuposa chonyamulidwa.

Tiganizire pamenepa anzathu amene achita mwayi, wina wapita ku yunivesite ku Zomba, wina ali ku Joni. Pansi pa aliyense wa iwo pali agogo amene anagulitsa nandolo pamtengo wolira, pali atate amene anapirira dzuwa la Balaka m'munda wa thonje, pali achemwali amene analekezera sukulu panjira kuti fizi ikwanire mmodzi, ndi mphakati umene unasonkha ya thiransipoti. Mphamvu zawo zinathera pa kukweza mwana. Chimene chimatipweteka mtima n'chakuti ena akabwera pa Khirisimasi amachita manyazi ndi nyumba yaudzu imene anabadwiramo, ndipo amaseka Chiyao cha amayi awo pamaso pa alendo. Sitikunena onse ayi, koma mukuwadziwa. Lamulo lachinayi timaliloweza bwino pokonzekera Ukaristia woyamba. Kulisunga muli ndi digiri m'manja n'kumene kumavuta.

Fanizo lathuli lili ndi malire ake, ndipo tiyenera kunena. Chitsulo chinapangidwa kuti chitayidwe, koma munthu sanalengedwe kuti akhale makwerero a mnzake. Mtsikana amene anasiyira mu Sitandade 7 anali ndi ulendo wakewake. Akulu a mpingo ndi makolo, tisamafulumire kutcha nsembe chinthu chimene mwiniwake sanafunsidwe n'komwe.

Apapa Paulo VI anaonerera kutera kwa pamwezi pa wailesi ya kanema ali ku Castel Gandolfo, ndipo dziko lonse linaloweza dzina la Armstrong. Mainjini a chigawo cha pansi anagona pansi pa nyanja zaka 44, mpaka zidutswa zake zina zinavuulidwa mu 2013.

Roketi yathu ili m'holo ya parishi. Ana a Tilitonse amathamangira kukhudza kadenga ka pamwamba, ndipo kagwapo kale kawiri. Loweruka likudzali tidzayamba kachombo ka miyendo inayi kamene kanatera pamwezi. Amene ali ndi waya wopyapyala abwere naye.